Mtima ukayambanso kugunda, ntchito sinathe

Tamverani inu asodzi a ku Usisya ndi Ruarwe. Nyengo ya mwera bwato silichedwa kugubuduzika, ndiye lero tikambe za munthu amene wavuulidwa m'madzi mtima utaima.

Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, mukwezeni chibwano, mutsineni mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, chizilowa masentimita 5, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kuuziranso kawiri, osalekeza. Zomuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke zisiyeni. Zimangotha nthawi, pomwe ubongo wosowa mpweya umayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa chabe.

Tsono mtima wayambanso, munthu akupuma. Apa ambiri amaomba m'manja n'kupita naye kunyumba. Chonde abale anga, musatero. Mtima umene unaima umakhala wofooka ndipo ungathe kuimanso. Mapapo amene munalowa madzi amatha kuyamba kuvuta patapita maola, munthu ali gone pamphasa.

Mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse. Muvuleni zonyowa, mumufunditse chitenje chouma kapena bulangete, koma osamuotcha ndi moto. Phala, tiyi, ngakhale madzi, musamupatse. Munthu mmodzi akhale pafupi, dzanja pachifuwa pake, maso pamilomo. Milomo ikayamba kuda, mpweya ukuchepa m'magazi. Akamangoti befu kamodzikamodzi, kumeneko si kupuma, yambiraninso kudinikiza.

Kuchipatala amapanira kachipangizo pachala n'kumupatsa okosijeni mpaka mlingo wake m'magazi ufike 94 mpaka 98 peresenti. Magazi akamayenda mofooka amamuika diripi ndi mankhwala okweza BP, ndipo amateteza thupi kuti lisatenthe, popeza kutentha kumapwetekanso ubongo. Amene sanatsitsimuke amafunika makina omupumitsa, monga a ku ICU ya Mzuzu Central Hospital.

Ku Mzuzu n'kutali, msewu wokwera phiri uja mumaudziwa nokha mvula ikagwa, ndipo sitima ya Ilala sibwera tsiku lililonse. Thamangirani kaye kuchipatala cha Usisya kuti a dokotala aone ngati akufunika kutumizidwa. A komiti ya padoko, gwirizanani lero lomwe za boti la injini limene lizikhala ndi mafuta osungira zoterezi.