Mtengo wa pichesi ukavulala, nkhwangwa iyambe yadikira

(Mawu amene anayankhula mlimi mnzathu wa ku Tsangano pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi, tsiku limene tinalandira anzathu a ku Macanga)

Anzathu amene mwachokera ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo, takulandirani kuno kozizira. Ine sindine mlangizi ayi, ndine mlimi ngati inu nomwe, sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Koma mwandipatsa mpata kuti ndiyankhepo pa funso limene latizunguza mu kalabu muno: mtengo wa pichesi ukavulala, kodi pali chochita, kapena ungodulidwa basi?

Mukudziwa nonse kuti kuno pichesi si wokongoletsa pakhomo. Amapsa cha mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene nkhokwe yayamba kupepuka, kachewere wa m'dimba tagulitsa kale, feteleza wobereketsa akufunika. Dengu limodzi kukafika nalo pa Ntengo-wa-Mbalame, pa Lizulu kapena ku Ulónguè, mchere ndi sopo zapezeka. Ndiye mtengo umenewu kuchokera pa nthangala umatenga zaka 3 kapena 4 kuti uyambe kubereka. Munthu akaudula chifukwa chopsa mtima, wataya zaka zonsezo tsiku limodzi.

Zovulaza mitengo yathu timazidziwa. Mbuzi tikazitayirira pokolola, kuyambira Juni mpaka mvula, udzu umakhala wauma, ndiye zimakungudza khungwa. Ngolo pokhota imakhula tsinde. Khasu popalira limatema m'munsi. Moto wa ana osaka mbewa, kapenanso kwa inu a ku Macanga moto wotenthera nazale ya fodya, umathawa n'kuwaula mitengo. Palinso mphepo, monga ija ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mwinanso zipatso zokha zimachuluka mpaka nthambi kung'aluka.

Tsono ndisananene mankhwala, timvetsetsane kaye mmene mtengo umadyera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Madzi amachoka ku mizu n'kukwera kudzera m'thupi la mtengo, m'kati mouma muja timapanga nkhuni. Chakudya chimapangidwa m'masamba, ndipo chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa, mofewa muja timasenda luzi. Pakati pa khungwa ndi thupi pali kamnofu kopyapyala, konyowa, koterera. Kameneko ndiye kamene kamakulitsa mtengo ndi kutseka zilonda. N'chifukwa chake mtengo umene mbuzi zaudya khungwa kuzungulira umatinamiza. Masamba amakhalabe obiriwira, mwina maluwa n'kuchita, chifukwa madzi akukwerabe. Koma mizu ili ndi njala, palibe chikutsika. Pakatha miyezi ingapo, mwina chaka, mtengo uja waumiratu, mwini wake n'kumati andilodzera. Palibe walodza, abale, njira ya chakudya inaduka kalekale.

Ndiye mukapeza mtengo wavulala, choyamba gwadani muyang'ane tsinde kuzungulira konse. Ngati chilonda chadya gawo limodzi mwa magawo 4, musade nkhawa, mtengo utseka wokha. Chikafika theka, mtengo uvutika, koma ukhoza kuchira mukausamala. Ngati khungwa latha kuzungulira, osatsala ndi kamzere komwe kolumikiza pamwamba ndi pansi, apo ndiye pavuta, ndipo ndibwererapo.

Khungwa likakhala kuti langosendeka ndi ngolo koma likadali lolendewera, lonyowa, musalichotse. Libwezereni pamalo pake tsiku lomwelo lisanaume, mulimange ndi mphira wa chubu cha njinga, mogwira bwino koma osachita kulikanyanga. Nthawi zambiri limagwira. Koma chonde mphirayo musamuiwale pomwepo. Pakatha mwezi kapena iwiri kamasuleni muone, chifukwa tsinde likamakula chomangiracho chimalowa m'khungwa n'kuchita zomwe zija mbuzi zikanachita. Waya ndiye ayi ndithu. Khungwa likakhala louma kale, tengani mpeni wakuthwa, mudule zanyenyeka zokhazo m'mbali mwa chilonda kuti pasalale, osakulitsa chilondacho, basi musiye mphepo iziwombapo.

Apa ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Ambiri timamata ndowe, matope, ena amathira oyilo wakuda wa ku chigayo. Oyilo uja amawotcha kamnofu ndanena kaja, ndiye m'malo motseka chilonda chimakula. Matope ndi ndowe zimasunga chinyezi, pansi pake pamayamba kuola, chiswe n'kupeza njira. Pichesi akavulala amatulutsa utomoni wake, musaupale. Mukadzaona m'mbali mwa chilonda mwayamba kutupa ngati mlomo, dziwani kuti ntchito yayamba. Mlomo umenewo umayenda pang'onopang'ono, chilonda chachikulu chimatenga zaka, ndiye musatope nawo.

Za nthambi yothyoka sizivuta. Ikathyokeratu, idulidwe bwino, osasiya chibanthu chosongoka. Yambani kucheka kunsi kwake pang'ono, kenaka mumalize pamwamba, kuti pogwa isasende khungwa la tsinde. Pamene nthambi imatulukira pa tsinde pali potupa ngati mkanda. Dulani kunja kwa mkandawo, musaudule, chifukwa ndi umene umatseka chilonda. Sowo ndi yabwino kuposa chikwanje, koma ngati chilipo n'chikwanje, chikhale chonola. Ndipo sankhani tsiku louma, osati mvula ili mkati. Nthambi imene yangong'aluka pang'ono pamphanda, ichirikizeni ndi mtengo wa phanda, muimange, muthothole zipatso zake zambiri kuti ipepuke. Zimawawa kuthothola, ndikudziwa, koma nthambi yodwala singasenze dengu.

Mtengo wopsa ndi moto ndi umene anthu amaufulumirira kwambiri, chifukwa umaoneka wakufa. Masamba kuuma si imfa. Kandani khungwa ndi chikhadabo kapena kampeni. Mukapeza pobiriwira ndi ponyowa, uli moyo. Pakakhala pofiirira pouma, tsikani m'munsi, kandaninso, mpaka mupeze pamoyo. Musadule chilichonse msanga. Dikirani mvula igwe, mtengo uphuke, ukuonetsani wokha nthambi zamoyo ndi zakufa, ndiye mudule zakufazo. Paja kuthamanga sikufika. Chimodzi mudziwiretu: pichesi amabereka pa nthambi zimene zinaphuka chaka chatha, ndiye mtengo wodulidwa kwambiri udumpha chaka osakupatsani kanthu. Musaukwiyire, si ulesi.

Tibwerere kwa uja wadyedwa kuzungulira. Njira zilipo ziwiri, ndipo musanasankhe muyenera kudziwa mtengo wanu. Ngati ndi wa nthangala, monga yambiri ya m'midzi mwathu muno, mukhoza kuudula kunsi kwa chilonda. Chitsa chiphuka mphukira zambiri, inu musankhe imodzi kapena ziwiri zamphamvu, zina muchotse. Poti mizu ndi yaikulu kale, umakula msanga kuposa wobzala kumene, ndipo zipatso zake zikhala zomwe zija. Koma ngati ndi womezanitsa, wogula ku nazale, chenjerani. Yang'anani pamene anaulumikiza, pamaoneka popindika kapena potupa cha m'munsi. Mphukira zotuluka kunsi kwa pamenepo si mtundu uja munagula, ndi mtengo wa pansi, zipatso zake kawirikawiri zimakhala ting'onoting'ono. Zimenezo muzichotsa, kupatula ngati pamwamba pafa, ndiye musiye imodzi kuti mudzamezanitsepo.

Njira yachiwiri ndi yomanga mlatho. Mumadula timitengo ta pichesi yemweyo, tophuka chaka chatha, tonenepa ngati pensulo, totalika kupitirira chilonda. Mumatisongola mbali zonse ziwiri ngati mphero yopyapyala, kwina n'kulowetsa m'kati mwa khungwa kunsi kwa chilonda, kwina pamwamba pake. Tiwiri, titatu kapena tinayi kuzungulira tsinde, malinga ndi kukula kwake. Kamtengo kaime monga kanalili pa mtengo, maso ake ayang'ane kumwamba, mukakatembenuza sikagwira. Mumange ndi mphira, polowera pokhapo mutsekepo ndi phula la njuchi kuti pasaume. Tikagwira, chakudya chimawolokera pa timitengo timeneti kupita ku mizu. Nthawi yake ndi pamene chisanu chikutha, cha mu Ogasiti mtengo ukuyamba kudzuka, khungwa likusendeka mosavuta. Sindikunamizani kuti yonse imagwira ayi, pichesi ndi wovutirapo, ndipo mtengo wokalamba suyenera ntchito yonseyi. Koma mtengo wabwino wa zaka 5 kapena 6 ndi woyenera kuuyesa. Alangizi a ku SDAE amaidziwa njirayi, akabwera kudzaona kachewere kapena tirigu muziwafunsa.

Mtengo wovulala uli ngati munthu wodwala, sufuna phwando. Feteleza wambiri musathire, amangotulutsa mphukira zofewa zimene nsabwe zimakonda. Chimene ukufuna ndi madzi m'chilimwe, ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata, kuthira mozungulira osati pa tsinde penipeni. Phimbirani pansi ndi udzu, koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Zipatso za chaka chimenecho muchepetse. Ndipo mpanda, abale, mpanda. Mbuzi ikalawa khungwa imabweranso mawa. Minga kapena nsungwi kuzungulira tsinde, ndipo udzu wouma ulambulidwe moto usanayambe.

Kwa inu a mfumu ndili ndi pempho, poti milandu ya mbuzi ndi ngolo imafika pabwalo panu. Mwini mtengo amabwera ali wolusa, akuti mtengo wafa andilipire wonse. Mwini mbuzi akuti onani masamba ali biriwiri, palibe chalakwika. Onse awiri akhoza kukhala olakwa, monga tamva muja. Ine ndikuona kuti mlandu wotere usamathe tsiku lomwelo. Mutume anthu akaone tsinde ngati khungwa latsalako. Mwini mbuzi amange mpanda ndipo athandize kuthirira, za malipiro zidzakambidwe mvula ikagwa, mtengo utaonetsa ngati uli moyo kapena ayi.

Amene mukufuna kuona mlatho uja ndi maso, a pampando avomera kuti msonkhano wa mu Ogasiti tidzachitire m'munda. Aliyense adzabwere ndi kampeni konola ndi chubu chakale cha njinga, phula ndidzabweretsa ine.