Nsinjiro ndi Mtedza Wotsalira

Amayi akakumana kuchigayo kapena pamjigo, nkhani sichedwa kufika pa ndiwo. Wina amadandaula kuti matimati akwera mtengo, wina nanena kuti kambuzi wa chaka chino ngwoŵaŵa zedi, kotero kuti mmodzi yekha akwanira mphika wonse wa usipa. Mayi wa m'tauni amatama adyo, jinja ndi binzali zimene amagula m'timapepala kumsika, koma mnzake wa kumudzi amamfunsa kuti, kodi nyama yothira zimenezo imadyedwa kangati pamwezi? Ndiwo za tsiku ndi tsiku ndi masamba, ndipo chokometsera chake cha masamba ndi nsinjiro. Pamenepa palibe amatsutsa.

Nkhwani, khwanya, chigwada ndi bonongwe zikatenderedwa bwino, nsima imatha m'mbale mwana asanakumbuke kufunsa za nyama. M'chilimwe mfutso wotendera ndiwo umasunga banja. Futali wa mbatata kapena wa maungu sakhala futali popanda nsinjiro, ndipo phala la mwana wosiya kuyamwa limapeza mafuta ndi chakudya chomanga thupi kuchokera m'nsinjiro zomwezo. Ambiri amadabwa akamva kuti mtedza, monganso tsabola ndi chimanga, kwawo nku America, ndipo unafika mu Afrika pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Lero alimi a ku Mchinji, Lilongwe, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi sangavomere kuti Chalimbana ndi mlendo.

Koma m'macheza onseŵa pali funso limodzi limene silifunsidwa kaŵirikaŵiri: kodi mtedza umene umaloŵa mumtondo ndi uti? Pakhomo pakasankhidwa mtedza, wonenepa ndi wosalala umapita kumsika, wina umasungidwa kuti ukhale mbeu. Wina wabwinonso umakazingidwa ndi mchere nukathera m'mahotela ndi m'malo omwera, kumene abambo amautafuna uku akutsutsana za muyeso woyenera wa jini ndi toniki. Wotsala pansi pa lichero, wokwinyika, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo kapena wakuda, ndiwo umasinjidwa. Maganizo ake ngakuti ukasanduka ufa, kuipa kwake sikuonekanso. Kusaononga chakudya ndi khalidwe lotamandika, koma pa nkhani iyi kumabweretsa ngozi, popeza mtedza woterewu ndiwo umakhala ndi chuku chambiri.

Chuku chimenechi akatswiri amachitcha Aspergillus flavus, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamdziŵa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Imfa zadzidzidzi zotere sizichitikachitika. Chofala kwambiri ndicho kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kumene kumaononga chiŵindi ndi kuyambitsa khansa ya m'chiŵindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Ofufuza apezanso kuti ana amene amadya poizoniyu kaŵirikaŵiri ambiri mwa iwo amakhala opinimbira. Ng'ombe ikadyetsedwa zakudya za chuku, gawo lina la poizoniyo limatuluka mumkaka.

Pali chikhulupiriro chakuti moto umatha zonse. Pa tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba zimenezi nzoona, koma aflatoxin samva moto wa pamafuwa. Ndiwo zikhoza kubwata mpaka madzi kuphwa, poizoni ali momwemo. Kukazinga kumamchepetsako chabe. Alibenso fungo kapena kakomedwe kakekake. Mtedza woŵaŵa ngwoyenera kulavulidwa msanga, komabe kusaŵaŵa si umboni wakuti mtedzawo uli bwino.

Chuku chimayambira m'munda momwe. Mvula ikadula mtedza uli pafupi kukhwima, mbeu imafooka ndipo chuku cha m'dothi chimaloŵa m'makoko mosavuta. Nchifukwa chake alangizi amalimbikira za kubzala ndi mvula yoyamba ndi kupanga ngonyeka zosunga madzi m'mizere. Khasu likatema makoko pokumba, kapena mtedza ukachedwa kukumbidwa, njira ya chuku imatseguka. Pambuyo pake pamabwera kuyanika pa dothi, kumene mtedza umagona ndi mame, ndi kuika m'matumba usanaume.

Chizoloŵezi choipa koposa ndicho kuŵaza madzi pa mtedza usiku kuti makoko afeŵe, zala zisapweteke pouswa m'maŵa. Aliyense amene anaswapo thumba lathunthu akudziŵa chifukwa chake anthu amatero. Koma mtedza umene unatenga masabata kuti uume umabwerera ku chinyontho usiku umodzi, ndipo ukatsekeredwa m'thumba la pulasitiki chuku chimayamba ntchito. Ogulitsa ena amauŵaza madzi dala kuti ulemere pasikelo. Ameneŵa amagulitsa matenda pamodzi ndi madziwo.

Wophika ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhaniyi kuposa mmene amaganizira. Poizoniyu samwazikana mofanana m'thumba lonse. Amaunjikana m'timitedza toŵerengeka. Motero mayi amene amakhala pansi ndi lichero, nachotsa wonse wokwinyika, wosweka, wobooka ndi wosintha mtundu, amachotsa gawo lalikulu la ngoziyo. Wochotsedwawo usapite ku nkhuku kapena ku ziŵeto zina. Ukwiriridwe kapena utenthedwe. Mtedza umasungika bwino uli m'makoko ake, m'thumba loloŵa mpweya, pa thandala losagunda pansi kapena khoma, ndipo uziswedwa wokwanira masiku ochepa okha. Nsinjiro nazonso sizifuna kukhalitsa, pakuti mafuta ake amasasa ndipo ufa umakoka chinyontho msanga.

Ovutika kwenikweni ndi a m'tauni, amene amagula nsinjiro zosinjasinja m'timapepala ta pulasitiki. Ufa sunena mtedza umene unachokerako. Kugula mtedza wathunthu, kuusankha ndi maso ndi kuusinja pakhomo kapena kupita nawo kuchigayo kumatenga nthaŵi ndithu, koma pa nsinjiro za m'phala la mwana nthaŵi imeneyo iyenera kupezeka.