Selo Lofewa ndi Selo Louma: Phunziro la Magazi

Ana inu ndi aphunzitsi anu, tiyambire pa msika wa ku Kalikiliki. Mayi akafuna kugula kotapela, sakhulupirira maso okha. Amamugwira, namutobwanya pang'ono ndi chala, kuti amve ngati wapsa. Lero tikamba za anthu amene amachita chomwecho ndi kanthu kakang'ono kwambiri kotero kuti chala sichingakagwire: selo lofiira la m'magazi anu.

Tengani rula, muyang'ane milimita imodzi. Mukaigawa m'zigawo 1,000, chigawo chimodzi chitchedwa maikulomita. Selo lofiira likhala ngati mamaikulomita 8 m'mimba mwake, ndipo ntchito yake ndiyo kunyamula mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo kunka m'thupi lonse. Koma njira zake n'zovuta. Timitsempha tina ndi topapatiza kuposa selo lenilenilo, ndipo m'kapamba muli timipata ta mamaikulomita 2 kapena kucheperapo. Inu amene mumadutsa cham'mbali pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana m'komboni mukudziwa kuti pamafunika kudzipinda. Selo nalo limadzipinda, limatalika, lidutsa, kenaka libwerera m'maonekedwe ake. Limatero kwa masiku ngati 120, kufikira litakalamba ndi kuuma. Pamenepo kapamba alichotsa m'magazi.

Tsono kufewa kumeneku angakuyese bwanji munthu? Njira yoyamba inali ya kapaipi ka galasi kosongoledwa pamoto mpaka kamwa lake litachepa kuposa selo. Mu 1954 Mitchison ndi Swann a ku Edinburgh anayamwa nako mazira a tinyama ta m'nyanja, ndipo mu 1964 Rand ndi Burton a ku Canada anakayesa pa maselo ofiira. Amayamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana pa maikulosikopu. Selo lofewa limalowa m'kapaipi ngati lilime, louma limakana.

Njira yachiwiri ndi yodabwitsa, ndipo ine ndimaikonda koposa. Mu 1986 Arthur Ashkin ndi anzake ku America anaonetsa kuti kuwala kwa laser kungagwire kanthu kakang'ono monga mbaniro igwira khala la moto. Analandira mphoto ya Nobel mu 2018, ali ndi zaka 96. Akatswiri amamata timikanda tiwiri ta galasi m'mbali mwa selo, kamodzi uku kena uko, ndipo amakoka kamodzi ndi kuwalako, selo n'kumatamuka ngati legeni. Mu 2005 Subra Suresh ndi anzake analemba zimene anapeza atakoka motere maselo okhala ndi kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum. Kachilomboko kakakhwima, selo limauma mpaka kakhumi kuposa selo labwino.

Apa ndipo nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Kachilombo ka malungo kamalowa m'selo lofiira, kadya za m'katimo, kakula ndi kuswana kwa maola ngati 48, kenaka kaphulitsa selolo kuti ana ake alowe m'maselo ena. Pa maola oyamba selo likhala likadali lofewa. Pamene maola apita, khungu lake liuma, ndipo limera tinsundu tomata.

Mu 2003 akatswiri a pa University of Washington ku Seattle anaumba timifolo m'kachidutswa ka labala woonekera m'kati, totsanzira timitsempha tathu. Tina tinali ta mamaikulomita 8, tina 6, tina 4, tina 2. Maselo abwino anadutsa monsemo. Okhala ndi kachilombo kongolowa kumene anadutsanso. Koma kachilombo katakulirapo, maselo anayamba kukanirira m'timifolo ta 4 ndi 2, ndipo katakhwima anatseka ngakhale ka 6. Kumbukirani ngalande ya m'mbali mwa msewu m'nyengo ya dzinja: botolo limodzi likapingasa pa khalavati, zinyalala zimaunjikana kumbuyo kwake, madzi n'kusefukira m'nyumba za anthu. M'thupi, kuuma ndi kumata kuja zimagwirizana. Maselo amakakamira m'timitsempha, magazi sayenda bwino, ndipo zikachitika mu ubongo mwana amakomoka. Kapamba naye amalimbana ndi kusefa maselo ouma ochulukawo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amatupira mwa ana odwala malungo kawirikawiri, monga agogo anu anaonera kalekale.

Matenda a sickle cell, amene ana ena amapita nawo ku chipatala cha UTH, alinso nkhani ya selo louma, ngakhale kuti chiyambi chake n'chobadwa nacho, si udzudzu ayi.

Mu Lusaka malungo ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena ku Chigawo cha Kum'mawa. Komabe ambiri a inu mumapita kumudzi pa tchuthi, ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata. Mukabwerako thupi n'kutentha, musanene kuti tione mawa. Mwamva kale kuti maola 48 ndi okwanira kuti tizilombo tikhwime ndi kuchulukana. Uzani makolo akuperekezeni ku kiliniki tsiku lomwelo. Kuyeza kadontho ka magazi a pachala sikutenga ngakhale theka la ola.

Aphunzitsi, pulogalamu ikatha chitani izi ndi ana. Tengani timatumba tiwiri tating'ono ta pulasitiki, muthiremo madzi mosadzaza, ndi kumanga. M'kamodzi muikemo mwala wonga dzira la nkhuku musanamange. Mwana mmodzi apange mphete ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, wina ayese kudutsitsa timatumbato pamenepo. Achepetse mpheteyo pang'onopang'ono, ndipo kalasi lilembe m'makope mwawo pamene kathumba kalikonse kanakanira.