Mazira a Paulendo ndi Kuŵeta Nkhuku za Mikolongwe

 Ife a kagulu koŵeta nkhuku tapemphedwa kuti tifotokoze za ntchito yathu. Tikadafuna kudzitama, tikadangokutengerani ku khola kuti mukaone misoti yakuda imene tili nayo lero. Koma taganiza kuti tiyambe ndi pamene tinalakwa, pakuti ambiri a inu mwakhala mukutifunsa za kuitanitsa mazira, ndipo sitifuna kuti ndalama zanu zitayike monga zinatayikira zathu.

Nkhuku imene tonse timaitcha ya Mikolongwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Inachokera ku Australia, kumene alimi anaikonza kuchokera ku nkhuku za Orpington za ku England pofuna nkhuku yoikira mazira ambiri komanso ya nyama. Boma linayamba kuifalitsa kuno m'zaka za m'ma 1950 kuti isakanizike ndi nkhuku zathu zachikuda, ndipo popeza anapiye ambiri ankachokera ku famu ya boma ya ku Mikolongwe, dzinalo linangokhazikika. Nthenga zake ndi zakuda bii, zonyezimira mobiriŵira padzuŵa, ndipo ndi yofatsa, yoyenera pa khomo pamene pali ana.

Ife tinasonkha ndalama amai 10, ena mwa ife amasiye amene anachita kupatula pa ndalama ya ndiwo. Anapiye anali okwera mtengo, tsono tinaitanitsa mazira 30 kwa mlimi wina wakutali. Mazirawo anabwera pa minibasi, m'katoni imene inaikidwa pansi pa mpando, ndipo anayenda tsiku lonse pa mseu wa mabampu. Atafika madzulo tinasangalala, tinatsuka amene anali ndi zitosi, ndipo usiku womwewo tinawagaŵa pakati pa mathadzi aŵiri, lirilonse mazira 15. Patapita masiku 21 anaswa anapiye 8 okha. Tinakhumudwa, mpaka ena mwa ife anasiya kubwera ku misonkhano ya kagulu, ndipo tonse tinaloza chala mlimi uja kuti anatigulitsa mazira osukusa.

Mlangizi wa ziŵeto wa dera lathu ndiye anatitsegula maso. Anaphwanya mazira otsalawo pamaso pathu limodzi limodzi, ndipo tinaona kuti ambiri anali ndi kamwana kamene kanayamba kukula koma kanafera m'njira. Tambala anagwira ntchito yake; cholakwa chinali pa ulendo ndi pa manja athu. Zimene tinaphunzira tsiku limenelo ndi zimene tabwera nazo kwa inu.

Choyamba, dzira la paulendo ndi lotopa. Kumbali yaikulu ya dzira kuli kampata ka mpweya, ndipo mwanapiye akatsala pang'ono kutuluka amaboola kampata kameneka kuti apume asanagogode chigoba. Dzira likagwedezeka kwambiri, kampatako kamasuntha pa malo ake. Nchifukwa chake mazira akafika ayenera kupumula tsiku lathunthu, maola 24, pa malo ozizira bwino, ataimikidwa mbali yosongoka pansi. Ife tinawathamangitsa, kuiŵala kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiŵiri, dzira lofungatiritsa silitsukidwa. Chigoba chili ndi timaboo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo thadzi poikira limasiyapo kachikuto kopyapyala kotchinga tizirombo. Madzi amachotsa kachikutoko ndi kuloŵetsa dothi m'kati. Dzira likada pang'ono, lipukuteni ndi kansalu kouma. Likada kwambiri, kapena likakhala ndi mng'alu, lipite ku mphika.

Chachitatu, funsani msinkhu wa mazira musanalipire. Mazira abwino ndi osapitirira masiku 7 chiikiridwe, ndipo akapyola masiku 10 mphamvu yake yoswa imatsika msanga. Pemphani mlimi alembe tsiku pa chigoba ndi pensulo, ndiponso mufunse ngati ali ndi atambala okwanira, mmodzi pa mathadzi pafupifupi 10. Ngati nkotheka tumani munthu wodalirika. Dzira lirilonse likulungidwe pa lokha ndi kukwiriridwa m'utuchi kapena m'madeya, katoniyo inyamulidwe pamiyendo, ndipo ulendo ukhale wa m'maŵa, kutali ndi dzuŵa ndi kutentha kwa injini.

Chachinai, thadzi likhale lokonzeka mazira asananyamuke. Apa ndi pamene nkhuku yathu yachikuda imaposa zonse, pakuti imafungatira mosatopa ndipo imalera ana mwaukali. Liyeseni masiku aŵiri kapena atatu pa mazira ake omwe. Likamakana kuchoka pa chisa ndi kufufuma nthenga mukaliyandikira, ndiye kuti lakonzeka. Sinthani mazira usiku kuti lisadzidzimuke. Mazira a Mikolongwe ndi aakulu, kotero thadzi laling'ono musalipatse opitirira 10. Ife tinapatsa lirilonse 15, ndipo a m'mphepete ankagona pa mphepo. Popeza thadzi limatembenuza mazira ndi kuwasinthanitsa malo, pafupifupi onse analaŵako kuzizira. Chisa chikhale pa malo a mthunzi, muŵazemo phulusa chifukwa cha utitiri, ndipo madzi ndi chakudya zikhale pafupi.

Ena mwafunsa za makina ofungatira. Makinawo ndi abwino ngati muŵasunga pa madigiri 37.5, muikamo madzi a chinyontho, ndipo mutembenuza mazira katatu pa tsiku kufikira tsiku la 18, pamene muyenera kuleka. Koma magetsi akathima maola ambiri mazira amazizira, pamene thadzi silidziŵa za kuthima kwa magetsi.

Chachisanu, unikani mazira pakati pa tsiku la 7 ndi la 10. Tengani tochi usiku, muunike dzira kumbali yaikulu. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira tokhala ngati miyendo ya kangaude. Loyera mbee, lopanda kanthu, lichotseni, chifukwa likaola limatha kuphulika ndi kuipitsa anzake. Tsiku loswa likafika, gwirani mtima. Mwanapiye akhoza kutenga tsiku lathunthu kuchokera pamene wagogoda kufikira atatuluka, ndipo kumusendera chigoba kumamtayitsa magazi. Musade nkhaŵa akapanda kudya tsiku loyamba, pakuti amatuluka atameza chikasu cha dzira chimene ndi kamba wake.

Ulendo wachiŵiri tinatsata zonsezi. Mmodzi wa ife anapita yekha kwa mlimi yemwe uja, amene tinampepesa, ndipo anabwera ndi mazira 24 pamiyendo. Tinawagaŵira mathadzi atatu, ndipo anaswa anapiye 16. Dziŵani kuti ngakhale musamale chotani, mazira a paulendo saswa ngati a pakhomo, choncho poŵerengera ndalama musaŵerenge dzira lirilonse ngati nkhuku.

Kuswa ndi chiyambi chabe. Masabata 6 oyamba ndi amene anapiye ambiri amathera kwa mphamba, akhwangwala, makoswe ndi mame a m'maŵa. Ife timatsekera thadzi ndi ana ake m'kakhola kouma, ndipo m'mbale ya madzi timaikamo timiyala kuti asamire. Madeya okha sakulitsa nkhuku imeneyi. Timasakaniza ndi soya wokazinga ndi kusinja, ufa wa usipa, masamba ndi chiswe, ndipo misoti ikayandikira kuikira timaonjeza zigoba za mazira zootcha ndi kupera. Nkhuku ya Mikolongwe yodyetsedwa bwino imayamba kuikira pa miyezi 5 kapena 6, koma yosiyidwa kuti izingotola yokha monga yachikuda imaonda ndi kukukhumudwitsani.

Mdani wamkulu ndi chitopa, amene ena amati chideru, ndipo amakonda kusesa midzi m'nyengo yotentha mvula isanagwe. Chitopa alibe mankhwala ochiza. Chimene chilipo ndi katemera. Katemera wa I-2, amene nayenso anayambira ku Australia, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, ndipo amabwerezedwa miyezi 3 kapena 4 iliyonse monga alangizi atiuzira. Katemera amateteza nkhuku yamoyo bwino, sadzutsa yodwala, kotero musadikire kumva kuti kwa aneba zayamba kugwa. Nkhuku yogula pa msika kapena yopatsidwa ngati mphatso ikhale payokha masabata aŵiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Ndiponso sinthanani atambala chaka ndi chaka pakati pa mabanja, kuti tambala asakwere ana ake omwe ndi kufooketsa mtundu.

Tikupempheni chinthu chimodzi: musagulitse mathadzi anu onse achikuda chifukwa cha kukongola kwa nkhuku zakuda. Popanda iwo ife sitikadakhala ndi mwanapiye ngakhale mmodzi. Ndipo mazira akayamba kubwera, oyamba adye ana ndi amai oyembekezera pakhomo; zakale zija zoti dzira limaŵavulaza sizoona, dzira lophika bwino limamanga thupi. Otsala ndiwo apite ku msika kukagula makope, sopo ndi mchere.

Amai aja amene analeka kubwera anabwereranso, ndipo aliyense wa ife 10 tsopano ali ndi msoti wake pakhomo. Amene mufuna kuyamba, tipezeni msonkhano ukatha, tikuonetseni kaunikidwe ka dzira ndi tochi, ndipo tipangane za tsiku la katemera kuti mudzi wonse utemere pamodzi.