Kutentha Kukunka Kuchuluka: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Utale



Tonse tikudziwa kuti kuno ku Utale, ngakhalenso boma lonse la Balaka, n'kotentha kuyambira kale. Koma kutentha kwa masiku ano si kuja tinakulira ife. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linanena kuti chaka cha 2024 ndicho chinatentha koposa zaka zonse zam'mbuyo chiyambire kulemba kaundula wa nyengo, ndipo chinaposa chaka cha 2023 chimene chinali patsogolo. Mu Juni 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa ulendo wa Haji ku Mecca, kumene kunatentha kupyola madigiri 50. Kwathu kuno, mu Okutobala 2023, nthambi ya boma yoona zanyengo inachenjeza kuti ku Chigwa cha Shire kutentha kukhoza kufika madigiri 44.

Chimene chikutenthetsa dziko ndi utsi wa mafuta a galimoto ndi malasha a m'mafakitale, pamodzi ndi kutha kwa nkhalango. M'mizinda vutoli limanyanya, chifukwa phula, simenti ndi malata zimamwa dzuwa masana ndi kulibweza usiku. Inu okhala ku Blantyre mukuliona phiri la Ndirande m'mene linayerera. Tsono makala ambiri ophikira m'tauni amachokera kumidzi ngati ino, ndiye kuti mthunzi ukutha uko ndi kuno komwe.

Amene akumva kuwawa kwenikweni ndi ana athu. Kalasi ya malata yopanda siling'i, ikamakwana 11 koloko m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, imasanduka uvuni. Mwana waludzu, wotuluka thukuta, masamu sangamulowe. Amayamba kusinza, mutu kuwawa, ena mpaka kukomoka. Mayeso akadzabwera, mwana yemweyo adzapikisana ndi anzake a ku Dedza ndi ku Mzuzu amene amaphunzira kozizira.

Utsi wa maiko akutali ife sitingauletse, koma bwalo la sukulu yathu lili m'manja mwathu. Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, nyengo yobzala mitengo ikayamba mu Disembala, aliyense wa ife agule mbande zisanu za nimu, mango kapena mtangatanga, tibzale mozungulira makalasi. Chachiwiri, tisonkhe ndalama zotchingira mbandezo, pakuti kuno mbuzi ndi chiswe sizigona, ndipo mtengo wosathiriridwa chilimwe choyamba suona chachiwiri. Chachitatu, kalasi iliyonse ikhale ndi ndowa ya madzi akumwa yovundikira.

Mutu umodzi susenza denga. Msungichuma wathu ali pomwepo ndi buku lake; tisanabalalike, aliyense alembetse chimene angathe, kuti komiti idziwe poyambira.