Kamangidwe ka Ndakatulo za Nthano: Phunziro la ku Scotland

Tapempha kamphindi kuti tikambepo za luso la ndakatulo, popeza ana athu ambiri ayamba kulakatula m'Cicewa.

Ife amene tinapita ku sekondale masiku akale tinaloweza pamtima ndakatulo zimene Angerezi amazicha ballad. Izi ndi nthano zoimbidwa, zimene anthu wamba a ku Scotland ndi ku England anali kusiyirana pakamwa. Francis James Child wa ku America anasonkhanitsa ndakatulo zotere 305, nazisindikiza pakati pa 1882 ndi 1898.

Titengepo imodzi ya ku Scotland, Sir Patrick Spens, imene inasindikizidwa mu 1765. Mfumu ituma mmalinyero waluso kuti apite panyanja m'nyengo ya namondwe. Iye adziwa kuti kumeneko kuli imfa, koma amvera. Ndime iliyonse ili ndi mizere inai. Mzere woyamba ndi wacitatu ugunda kanai, waciwiri ndi wacinai ugunda katatu, ndipo mizere iwiri yaifupiyi ithera pa mau omveka mofanana. Kamangidwe kameneka ndiko kanali kuthandiza woimba kuti asaiwale.

Komabe mphamvu yeniyeni ya ndakatuloyi ili pa zimene mlakatuli anasiya osanena. Za kumira kwa ngalawa sacita kufotokoza ai. Angotionetsa zipewa za nduna za mfumu zili kuyandama pamadzi, kenaka akazi ali kudikira amuna amene sadzabweranso. Ndime ziwiri za akaziwo ziyamba ndi mau amodzimodzi, ndipo kubwereza kumeneko kukulitsa cisoni.

Tsono nkhawa yathu nayi. Ana athu poona zimenezi amakakamiza mizere yao kuti ithere mofanana, nayesa kuti ndakatulo ndiyo imeneyo. M'Cingerezi kutero ndi luso, cifukwa mau ao amathera mosiyanasiyana. Mau athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri pa a. Kufananitsa mathero n'kosavuta, motero khutu silidabwa nako.

Kukoma kwa cinenero cathu kuli kumayambiriro kwa mau. Tikati "citsime cathu cakuya cija cauma," khutu lamva kale nyimbo. Tilinso ndi mvekero, monga zii ndi mbee, ndiponso kulandizana kwa woyambitsa nyimbo ndi ovomereza, monga acitira amai pamtondo, pamene munsi ndiwo uwerenga kugunda.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, conco kuphunzira kwa anzathu sikulakwa. Koma cimene tibwereke ku Scotland cikhale kudziletsa: kusimba nkhani yaikulu m'mau owerengeka, ndi kusiyira womvera mpata woti alire yekha. Kamvekedwe ka mau tili nako kale pakhomo.