Akazi Amene Anamasula Zinsinsi za Adani

Pa nkhondo ya Hitler, Majeremani ndi Mataliyana anali kutumizirana mau pa wailesi m'malembo obisika. Boma la Britain linasonkhanitsa anthu ku Bletchley Park kuti amasule malembowo. Popeza amuna anacepa, linaitana asungwana odziwa masamu ndi zinenero, ndi ena a gulu la nkhondo la pamadzi. Pofika 1945 anchito anali pafupi 9,000, ndipo atatu mwa anai alionse anali akazi.

Mmodzi wa iwo, Mavis Lever, wa zaka 19, anamasula uthenga wa Mataliyana m'caka ca 1941, ndipo zombo zao zinagonjetsedwa ku Matapan.

Onsewo analumbira kuti sadzaulula kanthu, ngakhale kwa makolo ao, ndipo dziko linamva za nchito yao m'caka ca 1974. Nanga ndani anganenenso kuti mkazi sasunga cinsinsi?